KHOSWE AKAKHALA PAMKHATE: ZA KUBERA PA MASEWERA A POKER

Pa masewera onse amene ndikuwadziwa, poker ndi okhawo amene munthu amaloledwa kunama anzake akuona, ndipo akanama bwino amamuyamikira. Munthu ali ndi makadi achabechabe amakhala tsonga, nkhope ili gwa, n'kuponya ndalama zambiri pakati ngati wagwira chinthu. Anzake akachita mantha n'kutaya makadi awo, iye amakokolola mulu wonse. Palibe amene amadandaula, poti bodza lotere lili m'malamulo a masewerawo, ndipo aliyense wokhala patebulopo anavomera kuti akhoza kupusitsidwa motero. Koma pali chinyengo china chimene palibe anavomera: kuika zizindikiro pa makadi, kubisa khadi m'malaya, kugawa kuchokera pansi, kapena kupangana ndi mnzako mseri. Chimenechi si luso ai, ndi kuba. Ndafuna ndikambeko za kuba kumeneku, m'mene tingakuzindikirire ndi m'mene tingakutsekere njira, chifukwa ndinakuona ndi maso angawa kukudanitsa anthu amene anakhala pa ubwenzi zaka zambiri.

Masewerawa si a kuno kwathu. Anayambira ku America, cha ku New Orleans, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo anafalikira ndi sitima zoyenda mu mtsinje wa Mississippi. M'sitima zomwezo munkakweranso akathyali amene ntchito yawo inali kudyera apaulendo pa makadi. Komatu kuberaku n'kwakale kuposa poker. Cha m'ma 1594, katswiri wojambula wa ku Italy, Caravaggio, anajambula chithunzi chimene lero chili ku Kimbell Art Museum ku Texas. Pachithunzipo mnyamata ali maso pa makadi ake, kumbuyo kwake bambo wina akusuzumira n'kumauza mnzake ndi zala, ndipo mnzakeyo dzanja lili kumsana, akusolola khadi limene anabisa m'lamba. Mu 1902 ku Chicago kunatuluka buku lotchedwa The Expert at the Card Table, lolembedwa ndi munthu wodzitcha S. W. Erdnase, lofotokoza ndi zithunzi zomwe njira zosakanizira ndi kugawira makadi mwachinyengo. Choncho tisaganize kuti oberawa akupeka zatsopano. Njira zawo n'zodziwika kale, ndipo zikhoza kutchingidwa.

Ine poker ndinaidziwira kwa amalume anga, kumene ndimakakhala pa tchuthi. Iwo anaiphunzira ali pa ntchito ku Johannesburg, ndipo atabwerera kumudzi anaphunzitsa anzawo. Loweruka lililonse madzulo, pakhonde pawo pankakumana anthu asanu: amalumewo, aphunzitsi ena opuma ntchito, atelala a pamsika, adalaivala a minibasi, ndi alamu awo a amalume, mlongo wa akazi awo. Ankasewera mtundu uja wa makadi asanu: aliyense alandire asanu, abetche, ataye ena n'kutenga ena, abetchenso, kenaka aonetse. Ndalama zenizeni sizinkaoneka patebulo. Munthu ankagula zitsekerero za mabotolo, chimodzi K100, ndipo pomaliza ankabweza zitsekererozo n'kulandira ndalama zake. Ine sindinkasewera nawo. Ntchito yanga inali yosunga ndalama m'chitini ndi kulemba m'kope kuti uje wagula zingati, wabweza zingati.

Mavuto anayamba pamene aphunzitsi aja anayamba kuluza mosalekeza. Sanali munthu wosadziwa masewera, koma mwezi ndi mwezi kandalama kawo ka penshoni kankathera pakhondepo, mpaka mayi a kunyumba kwawo anabwera kudzadandaula kwa amalume. Anthu anayamba kuyang'anizana. Ndiye tsiku lina atelala anaonetsa makingi anayi. Alamu aja anaseka chamumtima nati, "Achimwene, zala zanuzo zizingosoka malaya okha." Atelala sanayankhe. Anawerenga zitsekerero zawo, ine n'kuwapatsa ndalama zawo, basi ulendo. Sabata isanathe mbiri inali ponseponse pamsika kuti atelala ndi a dzanja lalitali. Taganizani, anzanga, munthu amene anthu amamusiyira nsalu zawo, atchuke ndi mbiri yotere. Apa nkhani sinalinso ya zitsekerero, inali ya nsima ya ana ake.

Kodi makingi anayi ndi umboni wa kuba? Tiyeni tiwerenge, poti masamu sakondera. Paketi ili ndi makadi 52, ndipo njira zosiyanasiyana zotengera makadi asanu mwa amenewa zilipo 2,598,960. Mwa njira zonsezi, 624 ndizo zimapatsa munthu makadi anayi ofanana, kutanthauza kamodzi pa maulendo 4,165. Atatu ofanana pamodzi ndi awiri ofanana amabwera kamodzi pa 694, ndipo mapeya awiri kamodzi pa 21. Poyamba 4,165 ikuoneka nambala yoopsa. Koma pakhonde paja ankagawa pafupifupi ka 50 usiku umodzi, kwa anthu asanu, ndiye kuti manja 250. Pa masabata 17, manjawo akwana 4,250. Mwa njira ina, pa miyezi inayi iliyonse tiyembekezere kuti wina alandira anayi ofanana pa kugawa koyamba komwe, ndipo tikawerengera kutaya ndi kutenga ena kuja, zimachitika kawirikawiri kuposa apa. Tsono mwayi wa tsiku limodzi, ngakhale ukule bwanji, si umboni. Umboni ndi chinthu chobwerezabwereza: munthu amene makadi aakulu amam'bwerera nthawi imene akugawa ndi iye mwini, kapena amene amataya makadi abwino nthawi yokhayo imene mnzake ali ndi opambana, ngati kuti akuona kuseri.

Amalume anali munthu wofatsa. Lamulungu lina masana anandiitana nati, "Mphwanga, tabwera nalo kope lija tiwerenge." Tinawerenga Loweruka ndi Loweruka. Choyamba chimene tinapeza n'chakuti atelala sankapambana zambiri konse. Ankaluza pang'ono, kupambana pang'ono, chifukwa anali munthu wotaya makadi msanga akaona kuti alibe kanthu. Chachiwiri, atelala atachoka, aphunzitsi anapitirirabe kuluza monga kale. Chachitatu ndicho chinawakhalitsa chete amalume nthawi yaitali. Adalaivala ndi alamu aja, ukamuona aliyense payekha, panalibe chodabwitsa: lero wapambana uyu, sabata yamawa winayo. Koma ukaphatikiza ndalama za awiriwo, panalibe Loweruka ndi limodzi lomwe limene anapita kwawo ataluza.

Amalume anati tisafulumire, kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa masabata atatu iwo ankasewera monga mwa masiku onse, ine ndili pampando wanga ndi kope, maso ali patebulo. Tinaona izi. Adalaivala ankakhala ndi bokosi la machesi pafupi ndi zitsekerero zawo. Akalandira makadi wamba, bokosilo linkagona chafufumimba. Akalandira amphamvu, ankaliseweretsa n'kulisiya litaima cham'mbali. Likangoima, alamu ankakweza kubetcha, kaya ali ndi chiyani m'manja. Aphunzitsi, amene nthawi zonse ankakhala pakati pa awiriwo, ankatsatira. Adalaivala n'kukwezanso, alamu n'kuwonjezera, ndipo aphunzitsi poona zitsekerero zimene aponya kale, ankalephera kubwerera. Pamapeto alamu ankataya makadi awo mofulumira, n'kuwalowetsa pakati pa otayidwa kale kuti wina asaone kuti amakwezera chabe. Tinaonanso kuti akatsala awiriwo okha, moto wonse uja unkazima, palibe wokwezera mnzake. Uku ndiye kubera kwa chipangano, ndipo n'kovuta kukugwira kuposa kwina konse chifukwa makadi ake ndi abwinobwino ndipo wogawa salakwa kanthu.

Pa masabata omwewo amalume anandiphunzitsa njira zinanso zimene anaziona ku Joni, kuti diso langa lisamangoyang'ana kumodzi. Njira ina ndi yoika zizindikiro pa makadi. Wina amakanda m'mphepete mwa eyisi ndi chikhadabo, wina amapinda kangodya pang'ono, wina amadetsa kumsana kwa khadi ndi phulusa la fodya kapena inki. Makadiwo ukawaona patali ndi okongola, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kuwayesa kwake n'kosavuta. Gwirani paketi yonse chakumsana, muiyendetse mofulumira ndi chala chachikulu monga muchitira ndi masamba a buku, maso ali pa maluwa a kumsanawo. Ngati makadi ali bwino, chithunzicho chimaima malo amodzi. Ngati ena analembedwa, mudzaona timadontho tikudumphadumpha. Kenaka yendetsani chala m'mphepete kuti mumve ngati pali pokandika, ndipo muwapendeketse pa nyali kuti muone ngati pali pena ponyezimira mosiyana.

Njira ina ndi ya kalilole. Chinthu chilichonse chonyezimira chimene chili patebulo patsogolo pa wogawa chikhoza kumuonetsa nkhope ya khadi pamene likudutsa: foni yozima, mphete yosalala, supuni, ngakhale kapu ya tiyi wopanda mkaka. Palinso njira za manja. Wogawa wochenjera amatola makadi otayidwa mosankha, n'kuika amene akuwafuna pansi kapena pamwamba, ndipo posakaniza amaonetsetsa kuti kagulu kameneko sikakusuntha. Pogawa, anzake amawapatsa a pamwamba, iye n'kudzisololera la pansi. Kapena, ngati wadziwa kuti la pamwamba ndi labwino, amalisunga n'kumagawa lachiwiri mpaka nthawi yake itakwana. Zizindikiro zake ndi izi: amakumbatira paketi ndi zala zonse, chala cholozera chili kutsogolo, amaipendeketsa kuti musaone pamwamba, ndipo khadi lochokera pansi limamveka mosiyana pang'ono ndi anzake. Mwamuna wina amangobisa khadi pansi pa ntchafu kapena m'mkono wa jekete kudikira nthawi yake.

Kubera kwina sikukhudza makadi n'komwe, koma ndalama. Munthu amati "ndaponya khumi" n'kumwaza zitsekerero zisanu ndi zitatu pamulu, podziwa kuti zikasakanikirana palibe angaziwerenge. Wina amawonjezera pa zimene anabetcha ataona kale kuti zamuyendera. Mlandu wotchuka wa mtundu umenewu unachitika ku England mu September 1890, m'nyumba yotchedwa Tranby Croft ku Yorkshire, kumene alendo ankasewera baccarat. Msilikali wina wamkulu, Sir William Gordon-Cumming, anamunena kuti ankawonjezera mobisa pa zimene wabetcha. Pofuna kuti nkhaniyo ithere m'nyumba, anamusainitsa kalata yolonjeza kuti sadzagwiranso makadi. Chinsinsicho chinaululika, iye anakasuma, ndipo mu June 1891 mwana wa Mfumukazi Victoria, amene pambuyo pake anadzakhala Mfumu Edward VII, anaitanidwa kukhoti ngati mboni. Gordon-Cumming analuza mlandu ndipo anachotsedwa usilikali, koma mpaka lero olemba mbiri amatsutsanabe ngati anaberadi. Mlanduwu ukutiphunzitsa ziwiri: kubetcha kuzikhala poyera, ndipo mawu akuti "wakuba" akatuluka m'kamwa sabwereranso.

Tisaganizenso kuti makina angatipulumutse. Mu October 2025, oimira boma pa milandu ku New York anaimba mlandu anthu oposa 30 pa nkhani ya poker wa m'nyumba. Iwo anati makina osakanizira makadi anali atakonzedwa kuti aziwerenga ndondomeko ya paketi yonse n'kutumiza uthenga kwa munthu wina kunja, amene ankauza mnzake wa patebulo pa foni, ndipo uyu ankadziwitsa anzake ndi zizindikiro. Anatinso oberedwawo anataya ndalama zoposa madola 7 miliyoni. Ukaonetsetsa, ndi bokosi la machesi lomwe lija, kungoti lavala suti.

Tsono amalume anatani? Apa ndi pamene panali povuta, chifukwa khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kukalipira alamu pagulu kukanakhala kuswa mkhate, ndiye kuti banja lawo lomwe. Kukhala chete kukanakhala kugulitsa aphunzitsi ndi atelala. Iwo anayamba ndi malamulo. Loweruka lotsatira, asanagawe, anati, "Abale anga, kuyambira lero tizisewera monga amachitira m'nyumba zolongosoka, kuti pasakhale wina woganizira mnzake zoipa." Malamulowo ndinawalemba ine pa tsamba lomaliza la kope, ndipo ndi awa.

Loyamba, malo okhala azisankhidwa ndi makadi usiku uliwonse, ndipo azisinthidwa pakati pa masewera. Lachiwiri, patebulo pazikhala makadi ndi zitsekerero basi. Foni, machesi, fodya ndi makapu zikhale pa kampando kena. Lachitatu, pazikhala mapaketi awiri a mitundu yosiyana kumsana, ogulidwa ndi ndalama za gulu ndi kutsegulidwa onse akuona, ndipo aziwerengedwa poyamba, pakati ndi pomaliza kuti akwane 52. Khadi limodzi likapindika kapena kukandika, paketi yonse ipume. Lachinayi, kugawa kuzizungulira, wosakaniza asakanizire patebulo, ndipo wa kudzanja lake lamanja azidula ndi dzanja limodzi. Joka aziikidwa pansi pa paketi kuti khadi la pansi lisaoneke ndiponso lisasololedwe. Lachisanu, makadi asachoke pamwamba pa tebulo, ndipo dzanja limodzi ndi la munthu mmodzi, wopanda mlangizi kumbuyo. Lachisanu ndi chimodzi, wobetcha anene nambala ndi pakamwa, aike zitsekerero patsogolo pake, wogawa aziwerenge, ndipo pokhapo zilowe pamulu. Lachisanu ndi chiwiri, amene wakweza kawiri kenaka n'kutaya, makadi ake aikidwe pambali, ndipo dzanjalo likatha aliyense ali ndi ufulu wowaona. Lomaliza, munthu agule zitsekerero zosapitirira malire amene gulu lagwirizana, ndipo ngongole patebulo ai.

Pa za kusakaniza ndiwonjezereko mawu. Ambiri a ife timasakaniza pongotsitsa timagulu ta makadi kuchokera m'dzanja lina kupita m'linzake, katatu kapena kanayi, n'kumati zatheka. Kusakaniza kotere n'kofooka zedi. Akatswiri a masamu anapeza kuti kumafunika kubwerezedwa maulendo masauzande kuti paketi isokonezeke bwino, ndiponso ndi kumene wakuba amabisalamo mosavuta. Njira yabwino ndi yogawa paketi pawiri n'kulowetsa mbali ziwirizo mwa inzake. Mu 1992, Dave Bayer ndi Persi Diaconis anaonetsa kuti njira imeneyi imafunika pafupifupi ka 7 kuti makadi 52 asakanizike mokwanira. Amene sadziwa njirayi angomwaza makadi onse patebulo chafufumimba, n'kuwavundula ndi manja awiri kwa kanthawi. Sizioneka zaukatswiri, koma zimagwira ntchito.

Malamulowa atangoyamba, bokosi la machesi linasowa pokhala, ndipo lamulo lachisanu ndi chiwiri lija linawamanga manja alamu. Pambuyo pake amalume anatenga kope n'kupita kwa alamu awo, awiriwiri, kuseri kwa nyumba. Zimene ndinamva n'zochepa. Amalume anati, "Alamu, ine sindinabwere kudzakuchititsani manyazi. Taonani nokha manambalawa, ndipo mundiuze za machesi aja." Alamu anayamba ndi kukana, kenaka anangoti zii, maso pansi. Anagwirizana kuti iwo ndi adalaivala abweze ndalama za aphunzitsi pang'onopang'ono, kudzera mwa amalume. Adalaivala anabweza mbali yawo koma sanapondenso pakhondepo. Kwa atelala amalume anapita masana dzuwa likuswa mtengo, msika uli thithithi, atanyamula nsalu ya buluku. Anawapepesa mokweza mawu kuti oyandikana nawo amve, poti chipongwe chinachitikira pagulu. Atelala analandira nsaluyo, ndipo patapita miyezi iwiri anabwereranso ku masewera. Komabe mpaka lero iwo ndi alamu aja amangopatsana moni wa pakamwa, ndipo makasitomala ena amene anathawa nthawi ija sanabwerere onse.

Mwina wina afunsa kuti, nanga zitsekerero za K100 n'zodetsa nazo nkhawa? Katekisimu wa Mpingo, pa ndime 2413, amaphunzitsa kuti masewera a mwayi pa okha sachimwira chilungamo, koma amaipa akamalanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa banja lake, ndiponso kuti kubera pa masewera ndi nkhani yaikulu pokhapokha ngati chotayikacho n'chochepetsetsa. Kwa adalaivala, K100 inali kanthu kochepa. Kwa aphunzitsi inali ndiwo ndi sopo. Ndaonanso kuti kubera kumamera pamene kubetcha kwaposa thumba la osewera. Munthu amene waponya ndalama ya lendi, kapena amene ali ndi ngongole kwa mnzake wa patebulo pomwepo, ndiye amayamba kuganiza za machesi ndi zikhadabo. N'chifukwa chake lamulo la malire lija, ngakhale lili lomaliza, ine ndimaliona ngati tsinde la ena onse.

Tsono anzanga, ngati mudzapezeka pamene anthu akusewera makadi, kaya ndi poker kaya mtundu wina, kaya pa ndalama kaya pa nyemba, kumbukirani zinthu zitatu. Pemphani kuti malamulo anenedwe masewera asanayambe, pamene palibe amene wakwiya, chifukwa lamulo lobwera pakati pa mkangano limamveka ngati kuloza chala. Mukakayika, musanene msanga. Werengani, yang'anani kangapo, ndipo funsani munthu wina wodekha kuti ayang'ane nanu. Mukatsimikiza, kambani ndi mwini nyumba pambali, ndipo ngati iye safuna kumva, tengani zanu muzipita, palibe amene anakumangani pampando. Munthu wachilungamo sakwiya mukamupempha kuti adulitse makadi kapena kuti muwerenge paketi, chifukwa malamulo omwewo ndi amene adzamuteteze tsiku limene makingi anayi adzagwere iye.